Kulowa yunivesite ya boma kuno ku Malawi: kuyambira pa fomu ya NCHE mpaka pa nkhani ya fizi

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook funso limakhala limodzi lomweli, "ndapeza mapointi 16, kodi anditenga?" wina 22, wina 11, aliyense akufuna munthu womuuza kuti eya kapena ayi. Ang'ono anga, funso limenelo palibe angakuyankheni ndi mapointi okha, chifukwa kusankhidwa kumatengera pulogalamu yomwe mwapempha, masabujekiti omwe munakhoza bwino, komanso kuti chaka chimenecho anzanu akhoza bwanji. Ndipo ngakhale dzina litatuluka, pali phiri lina kutsogolo lomwe ambiri saliganizira mpaka tsiku lonyamula chikwama, ndiye ndalama. Ndikufuna tiyende limodzi pang'onopang'ono, inu amene mwangolemba kumene Fomu 4 komanso inu makolo ndi achibale amene mudzasenze katunduyu.

Choyamba dziwani kuti mukupikisana pa chiyani. Mayunivesite a boma alipo 6. Pali UNIMA ku Zomba, yomwe ambiri timaitchulabe kuti Chanco, pali MUBAS ku Blantyre yomwe inali Poly, KUHeS yomwe inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, LUANAR ya ku Bunda ndi NRC ku Lilongwe, MZUNI ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. Zitatu zoyambazo zinali yunivesite imodzi mpaka 2021 pomwe anazigawa. Simulembera iliyonse payokha ngati mwangochoka kumene kusekondale, onse amadutsira khomo limodzi la NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, mumadzaza fomu imodzi n'kusankha mapulogalamu a m'masukulu osiyanasiyana pa fomu yomweyo. Kota sisitimu ija yosankha potengera boma lomwe munthu amachokera inathetsedwa mu 2020, ndiye musamvere zoti "kwathu kuno satenga ambiri", chomwe chikugwira ntchito kwambiri panopa ndi makhozedwe anu. Koma malo ndi ochepa zedi poyerekeza ndi anthu okhoza, chaka chilichonse pamakhala anthu masauzande omwe akwanitsa zonse zofunika koma dzina osatuluka, osati chifukwa ndi mbuli ayi, malo basi.

Chachiwiri, khalani pansi ndi pepala la zotsatira zanu muliwerenge mosadzinamiza. Chofunika poyambira ndi makirediti 6 ndipo English ikhale m'gulu lomwelo. Paja giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndiye kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza masabujekiti 6 omwe mwakhoza bwino, ochepetsetsa omwe munthu angapeze ndi 6, ndipo akachepa ndiye kuti mwakhoza kwambiri. Ngati English muli ndi 7, ngakhale zinazo mutawaza ma 1 okhaokha, fomu yanu siyipita patali, ndipo kuli bwino mudziwiretu lero n'kuyamba kuganiza zobwereza kusiyana ndi kutaya ndalama ya fomu ndi miyezi yodikira.

Apa ndi pomwe ndikufuna nditsindike kwambiri chifukwa ndi pomwe ana ambiri anzeru amagwera. Mapointi onse pamodzi ndi nkhani ina, magiredi a masabujekiti omwe pulogalamuyo ikufuna ndi nkhani inanso. Tiyerekeze muli ndi mapointi 12, abwino ndithu, kumudzi nthungululu zalira kale, koma ma 1 ndi ma 2 anuwo ali mu Chichewa, Bible Knowledge, Social ndi Agriculture pomwe Masamu muli ndi 6, Physics 5. Mukalemba Civil Engineering ya ku MUBAS mudzagonja kwa mnzanu wa mapointi 15 amene Masamu ali ndi 1, Physics 2. Zaudokotala, ufamasi ndi unamwino ku KUHeS amayang'ana Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Zaulimi ku Bunda nazonso ndi sayansi, musaganize kuti poti munakhoza Agriculture ndiye zatheka, Biology ndi Masamu amazifunanso. Economics, Accountancy, zamabizinesi, zonsezi Masamu. Ngati mphamvu zanu zili ku zilankhulo, History, Geography, ndiye yang'anani ku Humanities, Education, Social Science, Journalism, Media ndi zotero, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Tengani kabuku kapena chikalata cha mapulogalamu chomwe NCHE imatulutsa limodzi ndi chilengezo choti anthu ayambe kulembera, pulogalamu iliyonse analemba zomwe ikufuna, tengani bolopeni muzichonga imodzi imodzi kuti iyi ndikukwanira, iyi ayi. Yomwe simukukwanira isiyeni ngakhale mtima ukuwawa, kuilemba ndikungotaya danga.

Zina ziwiri zoti mudziwe zomwe kusekondale sanena kawirikawiri. Law ya ku UNIMA kwa zaka zambiri anthu akhala asakulowa molunjika kuchokera ku Fomu 4 (onani m'kabuku ka NCHE ngati zikadali choncho), umayamba walowa pulogalamu ina, ukhoze bwino chaka choyamba kenako n'kulembera ndi kulemba mayeso ake olowera, ndiye amene mukulota zovala mwinjiro wa maloya sankhani pulogalamu yomwe mungaikhoze bwino kuti njira ikatseguke. Ndipo zaudokotala zimayamba ndi chaka cha foundation musanayambe maphunziro enieniwo, kutanthauza kuti zaka zolipira zimachuluka. Engineering nayo ndi zaka 5 pomwe madigiri ambiri ndi zaka 4. Izi zisungeni m'mutu, tikumana nazo pa nkhani ya ndalama.

Chachitatu, konzeranitu mapepala chilengezo chisanatuluke. Chiphaso cha unzika, notification ya MANEB kapena satifiketi ngati munatenga kale, nambala ya mayeso ndi ya senta yomwe munalembera, nambala ya foni yanuyanu yomwe simuisintha chaka chino, ndi imelo yomwe pasiwedi yake mukuidziwa inuyo. Onetsetsani kuti dzina lili chimodzimodzi pa mapepala onse, ngati pa ID pali dzina lina pa notification pali lina yambani kukonza pano, zimenezi zimadzavutitsa pa registration komanso pa loni. Chilengezo chimanenanso zaka za MSCE zomwe akulandira, nthawi zambiri ndi za zaka zochepa zapitazi, ndiye amene munalemba kalekale werengani bwino gawo limenelo musanalipire kalikonse. A IGCSE nanunso muli m'gulu lomweli, magiredi anu amawasinthira ku muyezo wofanana ndi wa MSCE.

Chachinayi ndiye kudzaza fomu, ndipo kunena zoona masewero onse ali apa. Masiku ano zimachitika pa intaneti, pamakhala ndalama ya fomu yomwe imalipiridwa m'njira yomwe NCHE yalengeza, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wina yemwe wakuimbirani. Ngati kwanu netiweki ndi yovuta pitani pa boma kapena pa trading centre, koma chonde chonde musamusiyire wa pa kafe kuti akusankhireni mapulogalamu. Iyeyo ali ndi mzere wa anthu kumbuyo kwanu, akufuna amalize msanga, adzangokuikirani zomwe waikira anthu ena onse. Pitani mutalemba kale papepala machoisi anu mwa ndondomeko yake, ndi makodi ake, iye angokuthandizani kulowetsa inu mukuona.

Nanga machoisiwo muwasanje bwanji? Cholakwika chachikulu ndi kudzaza malo onse ndi mapulogalamu omwe dziko lonse likuwafuna. Munthu amalemba MBBS (digiri ya udokotala), Pharmacy, Nursing, kenako Engineering, kenako Accountancy, zonse zolimbirana zokhazokha, akagwa pa yoyamba amagwa ponse, ndiye mumamva kuti mwana wa mapointi 13 watsala pomwe wa 21 wapita. Anthu amayamba kunena kuti pachitika chinyengo koma nthawi zambiri nkhani imakhala ya kasankhidwe, wa 21 uja analemba pulogalamu yomwe opikisana anali ochepa ndipo masabujekiti ake amagwirizana nayo. Nzeru yake ndi ya mlimi amene sadzala chimanga chokha m'munda monse, amaikako chinangwa ndi mbatata kuti mvula ikavuta pakhomo pasagone njala. Pamwamba ikani yomwe mtima wanu ukufunadi bola mukukwanira, pakati ikani zomwe magiredi anu akuposa bwino zomwe akufuna, kumunsi ikani zomwe anthu sazithamangira kwambiri koma inuyo mukhoza kuziphunzira ndi mtima wonse. Komanso musaunjike zonse pa sukulu imodzi, ena amangofuna Blantyre kapena Zomba basi poti kuli achibale kapena poti dzina ndi lotchuka, pomwe ku MZUNI kuli mapulogalamu abwino a Education, Forestry, Fisheries, Tourism, Land Surveying, Optometry ndi ICT, ku MUST kuli za miyala, zanyengo, za madzi, ku LUANAR kuli za zakudya, za ziweto, ulimi wothirira ndi bizinesi ya zaulimi. Ambiri mwa mapulogalamu amenewa mwana wa ku CDSS sanawamvepo n'komwe, ndipo zimandipweteka chifukwa ndi momwe mwayi wake unali.

Koma ndisakunamizeni mbali inayi, musalembe pulogalamu yomwe mukudziwiratu kuti simuifuna pongofuna kuti dzina lituluke pa mndandanda. Zaka 4 ndi zambiri, ndipo ku yunivesite munthu akalephera amachotsedwa, kuwidedwa kuja mumamva. Kusintha pulogalamu ukalowa kumatheka nthawi zina koma sikophweka, kumadalira ngati kuli malo komanso ngati magiredi ako akufika, ndiye musadalire zoti ndikasinthira konko. Ngati pa fomu pali funso loti kodi mukulola kukuikani ku pulogalamu ina yomwe simunasankhe malo akapezeka, ine ndingati lolani, kukana mudzakana mutaiona.

Funsaninso anthu. Aphunzitsi anu a kusekondale amadziwa kuti ana awo a zaka zapitazi anatengedwa ndi magiredi otani ku mapulogalamu ati, ma conti, ophunzira omwe ali kale ku yunivesiteko, akhoza kukuuzani kuti m'kalasi mwawo ambiri analowa ndi zingati. Zimenezo zikupatsani chithunzi, ngakhale malire ake amasintha chaka ndi chaka. Mukamaliza kudzaza werenganinso kawiri musanatumize, sungani umboni woti mwatumiza ndi risiti ya malipiro, jambulani pa foni komanso sindikizani. Ndipo musadikire tsiku lomaliza, sisitimu imalemedwa aliyense akathamangira nthawi imodzi.

Pa nthawi yodikirayi mudzamva za anthu oti ali ndi "munthu wawo mkati" amene angakulowetseni mukapereka kenakake. Ndi akuba amenewo. Amadikira mndandanda utuluke, dzina likapezekapo mwa mphamvu zanu amati ndi iwo, likapanda kupezeka foni yawo siyipezekanso. Makolo, ndalama imeneyo sungani idzagwira ntchito ya lendi.

Chachisanu, ndipo ichi chiyambike tsiku lomwe mwatumiza fomu osati tsiku lomwe mayina atuluka, ndi kuwerengera ndalama. Akuluakulu ambiri akadali ndi chithunzi cha kale pomwe mwana akasankhidwa boma limamudyetsa, kumugoneka ndi kumupatsa alawansi. Zimenezo zinatha. Lero kusankhidwa kukutanthauza kuti wapatsidwa malo pa fizi yotsikirapo poyerekeza ndi yapulaiveti, koma kudya, kogona ndi zina zonse n'zako. Fizi nayo siyiima malo amodzi, ku UNIMA inali K350,000 pa chaka kuyambira 2016, mu 2023 inakwera kufika K650,000, ndipo chaka chomwecho mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse n'kukwera nayo. Masukulu enawo anakwezanso nthawi yomweyo ndipo ku KUHeS ndi kokwererapo kuposa kwina. Ndiye musatenge nambala yomwe munamva kwa msuweni amene anamaliza zaka zapitazo, onani yomwe sukuluyo yalengeza chaka chimene mukulowacho, ndipo powerengera zaka 4 kapena 5 ikanipo mpata woti idzakweranso musanamalize.

Chomwe chimadabwitsa mabanja ambiri n'chakuti fizi si yomwe imapha kwambiri, chimapha ndi cha tsiku ndi tsiku. Malo ogona a pasukulu ndi ochepa m'masukulu onsewa, ophunzira ambiri amachita lendi kunja, a ku Chanco ambiri ali ku Chikanda, a ku MZUNI ali mu Luwinga, a ku MUBAS amwazikana m'makomboni oyandikira monga Chitawira, ndipo eni nyumba amadziwa kuti ana asukulu alibe kothawira ndiye mitengo imakwera sukulu ikamatsegulira, ena amafuna miyezi ingapo pakamodzi. Ndiye tengani kope mulembe mzere ndi mzere. Lendi pa mwezi. Chakudya, kaya mudzigula m'malesitilanti kaya mudziphika nokha, ndipo funsani ngati komwe mukakhaleko amalola kuphika chifukwa kusiyana kwake ndi kwakukulu. Magetsi kapena makala, madzi, sopo. Thiransipoti yopita ndi kubwera pa holide, wochokera ku Nsanje kupita ku Mzuzu kapena wa ku Chitipa kupita ku Thyolo akudziwa zomwe ndikunena. Bando ya intaneti chifukwa manotsi ndi maasayimenti ambiri amayenda pa foni. Fotokope ndi kupirinta. Laputopu, yomwe chaka choyamba mukhoza kukankha pobwereka ndi kugwiritsa ntchito makompyuta a ku laibulale koma a ICT, Engineering ndi onse ofika chaka cha risechi idzafunika ndithu. Kenako pali tindalama tina ta pa registration monga ta union ndi ta chipatala, a sayansi labu koti, a unamwino yunifolomu, a Education teaching practice, ena attachment komwe umakadzilipirira wekha kogona ndi kudya. Mitengo yake musaganizire, imbirani conti amene ali pa sukuluyo panopa akuuzeni za mwezi uno, kenako muchulukitse ndi miyezi ya semesita. Nambala yomwe ituluke idzakuopsani koma kuli bwino ikuopseni muli kunyumba nthawi ikadalipo.

Mukaipeza nambalayo itanani banja. Amalume, azakhali, achimwene omwe ali ku Joni, a kumpingo kapena kumzikiti, aliyense anene chomwe angakwanitse ndipo anene motchula, uyu lendi, uyu thiransipoti, uyu ufa ndi nyemba mwezi uliwonse. Mawu oti "tidzaona konko" ndi omwe amasiya ana akugona ndi njala pakati pa semesita. Pa tsiku la chisangalalo aliyense amalonjeza, ndiye kuli bwino kulemba ndi kugwirizana kuti ndani azitumiza liti. Ngati mumalima, ganizirani kuti sukulu ikutsegulira mwezi uti poyerekeza ndi nthawi yokolola, matumba ena asungidwe dala a sukulu osagulitsa onse nthawi yomwe mitengo ili pansi. Ndipo inu mwini wake miyezi yodikirayi musangokhala, kaganyu, kophunzitsa ana a pulayimale madzulo, kabizinesi kakang'ono, ndalama imeneyo ndi yomwe idzagule matilesi, ndowa ndi mapoto.

Chachisanu ndi chimodzi ndi loni. Bungwe lake ndi HESLGB, ambiri amangoti Loans Board, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 kuti lizibwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Amathandiza pa fizi komanso pa upkeep, ndalama yothandizira kudya ndi kogona. Mayina akangotuluka yambani kutchera khutu ku chilengezo chawo chifukwa nawonso ali ndi nthawi yawo yotsegula ndi yotseka, siimadikira kuti inu mufike kaye pasukulu mukhazikike. Kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti loni mwapeza, mumalembera payokha, ndipo opempha amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo. Amafuna umboni wa momwe zinthu zilili pakhomo panu, ndiye ngati makolo anamwalira pezani zikalata zake msanga, ngati munaphunzira sekondale ndi bursary pezani kalata yotsimikiza, ngati pali ofunika kusayinira yambani kuwayendera nthawi ikadalipo poti akuluakulu a maofesi sapezeka tsiku lomwe inu mukuwafuna. Lembani zoona zokhazokha. Kunama kuti ndinu wamasiye bambo ali moyo kukhoza kukutayitsani zonse zikadziwika, komanso mukulanda malo a mnzanu amene alibedi pogwira.

Dziwaninso zinthu izi za loni kuti zisadzakudzidzimutseni. Akhoza kukupatsani gawo chabe la zomwe munapempha, mwina fizi yokha. Ya fizi imapita ku sukulu, siyidutsa m'manja mwanu. Upkeep payokha siyikwana semesita yonse ndi mitengo ya masiku ano, ndipo nthawi zina imafika sukulu itayamba kale, ndiye mwezi woyamba mupite ndi yanu m'thumba. Mumayenera kulemberanso chaka chilichonse, musagone poti chaka chatha munapeza. Ndipo ndi ngongole, mukamaliza n'kuyamba ntchito mudzabweza, kwa olembedwa ntchito amadula kumalipiro. Ine ndimati bwezani ndi mtima umodzi nthawi ikadzafika, chifukwa ndalama yomweyo ndi yomwe idzaphunzitse mng'ono wanu.

Kupatula loni pali ena othandiza koma safuula, muyenera kuwasaka. CAMFED imathandiza atsikana makamaka omwe inayamba nawo kusekondale, Soko Fund imathandiza ophunzira aakazi m'mayunivesite athu, Medic to Medic imathandiza a zaumoyo, ndipo mabanki, makampani ndi magulu a omwe anaphunzira kale pa sukulupo nthawi zina amapereka thandizo kudzera ku ofesi yoona za ophunzira. Ofesi imeneyo, ya Dean of Students kapena Student Affairs, ipezeni sabata yoyamba, mukalembetse kuti ndinu osowa ngati mulidi osowa. Thandizo likabwera amayang'ana mayina omwe ali nawo kale, amene anakhala chete chifukwa cha manyazi sapezekapo.

Chachisanu ndi chiwiri, dzina latuluka, zikomo Mulungu. Onani mndandanda kuchokera ku NCHE kapena ku sukuluyo, osati chithunzi chongoyenda pa WhatsApp, tsimikizani dzina, sukulu yomwe munachokera ndi pulogalamu. Kenako tsatirani zomwe sukuluyo yalengeza za kalata yokuitanani, tsiku la orientation ndi akaunti ya kubanki. Fizi lipirani ku akaunti ya sukulu yokha, lembani nambala yanu ya ophunzira kapena yomwe akuuzani pa slip, ndipo slip imeneyo muisunge ngati chiphaso. Masukulu amalola kulipira mwa magawo koma pamakhala gawo lomwe liyenera kukwana kuti mulembetse, ndipo wosalembetsa amavutika kulemba mayeso kapena kuona zotsatira. Za malo ogona a pasukulu lemberani tsiku lomwe atsegula. Ngati mukufuna nyumba ya kunja musatumize ndalama kwa munthu amene mwangomupeza pa Facebook, nthawi imeneyi akuba amadziwa kuti ma yaro, a chaka choyamba, sadziwa malo, tumani munthu wodalirika akaione ndi maso kapena pitani nokha. Makolo a atsikana, onani za chitetezo, loko wa chitseko, mtunda wochokera ku laibulale usiku, kusiyana kwa lendi pang'ono kusakupangitseni kumuika mwana malo oopsa.

Nanga ngati ndalama zakanikiratu? Musangokhala kunyumba chete malo n'kupita. Lembani kalata kwa Registrar kufotokoza vuto lanu ndi kupempha kuti akusungireni malo, masukulu ali ndi ndondomeko ya zimenezi ngakhale ili ndi malire a nthawi. Chimodzimodzi mukakhala kuti mwayamba kale ndiye zathina pakati, pali kusiyana kwakukulu pakati pa kusiya mwa dongosolo mutalemba kalata ndi kungosowa, wongosowa amalembedwa kuti walephera. Ndipo mukalowa muwerenge kuyambira sabata yoyamba, sapu (mayeso olembanso ukalephera) ndi kubwereza chaka ndi ndalama zinanso zomwe pa bajeti ija panalibe, komanso othandiza ambiri amasiya magiredi akatsika.

Tsopano inu amene dzina silinatuluke, ndipo mudzakhala ambiri kuposa otengedwa, njira sizinathe. Mukhoza kulemberanso chaka chotsatira ngati MSCE yanu ikadali m'zaka zomwe akulandira, ulendo uno mutasanja machoisi mwanzeru. Mukhoza kubwereza kuti mukonze masabujekiti omwe anakugwetsani. Mayunivesite a boma omwewa ali ndi makomo ena omwe amalengeza okha, monga ODeL yophunzira uli kutali yomwe MZUNI ndi LUANAR akhala akuchita kwa zaka, madipuloma ngati a ku NRC, makalasi a kumapeto kwa sabata, ndi malo a olipira fizi yokwererapo, kungoti kumeneko mtengo ndi wina ndiye muwerengere bwino. Kuli Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa kusekondale, ma TTC, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a unamwino a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), komanso ma technical college a pansi pa TEVETA monga Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Lilongwe ndi Mzuzu komwe munthu amatuluka ndi luso la m'manja loti akhoza kudzilemba nalo ntchito yekha. Amene wayamba ndi dipuloma akhoza kudzalowa digiri pambuyo pake kudzera ku mature entry atagwirako ntchito, ndipo ambiri adutsa njira imeneyi akudzilipirira okha.

Ngati banja lasankha yunivesite yapulaiveti, monga Catholic University, UNILIA, Malawi Adventist kapena ina iliyonse, musanalipire khobidi onani mndandanda wa NCHE wa masukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka. Muone zonse ziwiri, sukuluyo komanso pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa zimatheka sukulu kukhala yovomerezeka koma pulogalamu ina ya pomwepo isanavomerezedwe, ndipo zimenezi zimakhudza mwayi wa loni komanso wa ntchito mukamaliza. A zaumoyo onjezerani kufunsa ngati Medical Council kapena Nurses and Midwives Council ikuizindikira pulogalamuyo, poti popanda iwo simudzapatsidwa chilolezo chogwira ntchito.